Dambo lobiriwira lomwe mbalame inalikana

Msewu ukadutsa m'dambo, dambolo silikhalanso chimodzimodzi. Amathira dothi, amakwirira timifuleni, madzi amasintha njira. Ku United States, lamulo la Clean Water Act la 1972 limati wofuna kukwirira dambo ayambe wapeza chilolezo ku Army Corps of Engineers, nthambi ya mainjiniya ya asilikali a dzikolo, ndipo ngati kuwonongako sikungapeweke, akonze dambo lina lowonongeka kapena akumbe latsopano ngati chipepeso. Teremu ino m'kalasi lathu la kasamalidwe ka chilengedwe takhala tikuphunzira za kalondolondo wa madambo oterewa, ndipo nkhani yomwe yandikhala pamtima ndi ya Sweetwater Marsh, ku San Diego Bay m'chigawo cha California.

M'zaka za m'ma 1980, bungwe la misewu la Caltrans linkakulitsa msewu wa Interstate 5 ndi kumanga State Route 54, pomwe ngalande yoteteza kusefukira kwa madzi inkakumbidwanso pamalo omwewo. Ntchitoyi inadya gawo la dambo la madzi amchere, momwe munali zamoyo zitatu zotsala pang'ono kutha: mbalame ziwiri, light-footed clapper rail ndi California least tern, komanso kachomera kotchedwa salt marsh bird's-beak. Choncho anakumba dambo latsopano, nabzala udzu wa m'madzi amchere, Spartina foliosa. Udzu unamera, malo anabiriwira. Munthu wodutsa pagalimoto akanati ntchito yatheka.

Katswiri wa za madambo Joy Zedler ndi ophunzira ake a ku San Diego State University anatsatira malowa kwa zaka zoposa khumi, ndipo anapeza kuti clapper rail sinkamangamo zisa. Chifukwa chake chinandigwira mtima kwambiri. Mbalameyi imaluka chisa chake pa udzu, ndipo madzi a m'nyanja akakwera, chisacho chimayandama n'kukwera nawo chili chogwira ku mapesi. Udzu ukakhala waufupi, madzi amaumiza, chisa n'kukokoloka kapena kuonekera kwa adani. Pamafunika mapesi ambiri otalika kuposa masentimita 60. M'dambo lachilengedwe loyandikana nalo udzu wotero unalipo, koma m'dambo lokumbalo unali wopinimbira.

Vuto linali pansi, m'dothi. Malowo anali amchenga, ndipo mchenga susunga nayitrojeni monga achitira matope amene akhala akuunjikana kwa zaka mazana. Aliyense amene analimapo dimba amadziwa kusiyana kwa dothi lakuda lonamatira la m'dambo ndi mchenga wa m'mbali mwa mtsinje, kumene ndiwo zimachita chikasu ngakhale uzithirira bwanji. Ofufuzawo anayesa kuthira feteleza wa yureya. Udzu unatalikadi, koma akasiya kuthira unkabwerera pomwe unali, ndipo chomera china, Salicornia bigelovii, chinapezerapo mwayi n'kuyamba kuupanikiza. Panabweranso tizilombo toyamwa madzi a m'masamba tomwe tinachuluka pa udzu waufupiwo, chifukwa kachikumbu komwe kamatidya kamafunanso mapesi ataliatali oti kathawirepo madzi akakwera. Mchenga uja unakhudza udzu, udzu n'kukhudza kachikumbu ndi mbalame.

Sikuti zonse zinalephereka. Nsomba zomwe least tern imadya zinalowa m'timifuleni tatsopano, ndipo kachomera kaja kanabzalidwa n'kumera. Koma pa clapper rail, mabungwe a boma pamapeto pake anavomereza kuti malowo sangapereke zomwe analonjeza. Mu 1999 Zedler ndi John Callaway analemba kuti nayitrojeni ya m'dothi lokumbalo ingatenge zaka zoposa 40 kuti ifanane ndi ya m'dambo lachilengedwe.

Chomwe ndatolapo n'chakuti kalondolondo amaona zokhazo zimene wauzidwa kuti ayeze. Akanangowerengera kukula kwa malo ophimbidwa ndi udzu, lipoti likanatuluka labwino. Choonadi chinaoneka chifukwa ankayeza kutalika kwa mapesi limodzilimodzi, n'kuyerekeza ndi dambo lenileni lapafupi. Popanda dambo loyerekezera nalo, manambala sakuuza ngati wafika kapena ukadali kutali.

Taphunziranso mmene amayezera madzi m'madambo a kumtunda. Amazika mapaipi obooledwa m'mbali, n'kuikamo kachipangizo kolemba mlingo wa madzi tsiku ndi tsiku. Muyeso womwe a Corps amagwiritsa ntchito ndi wakuti madzi a pansi pa nthaka akhale osazama kupitirira masentimita 30 kuchokera pamwamba pa nthaka kwa masiku 14 otsatizana m'nyengo yomwe zomera zikukula, ndipo zizitero zaka zosachepera 5 pa zaka 10 zilizonse. Amakumbanso dothi kuti aone ngati layamba kutuwa ndi kuchita mawanga ngati a dzimbiri, chizindikiro choti limakhala lonyowa nthawi yaitali. Ndimaikonda miyeso imeneyi chifukwa munthu wina atha kubwera n'kuitsimikizira. Komabe imangokuuza kuti malowo ndi dambo, osati kuti ndi dambo lofanana ndi lomwe linakwiriridwa ndi msewu.

Nkhani ya nthawi ndi imene ikundidetsa nkhawa. Mu 2001 bungwe la akatswiri a sayansi la National Research Council linanena kuti cholinga cha United States choti madambo asachepe sichinkakwaniritsidwa pa ntchito zomwe madambo amagwira. Malamulo atsopano a 2008 anati kalondolondo asachepere zaka 5, ndipo atalike pa madambo ochedwa kukhwima monga a mitengo. Kenaka mu 2012 David Moreno-Mateos ndi anzake anasanthula malo 621 padziko lonse, napeza kuti madambo obwezeretsedwa amatsalirabe kumbuyo kwa achilengedwe: pafupifupi 26 peresenti pa zamoyo, ndi 23 peresenti pa ntchito za m'dothi monga kusunga kaboni. Ine ndikuona kuti zaka 5 zimakwana kudziwa ngati madzi akhazikika ndi mbande zagwira, koma n'zochepa poweruza dothi.

Kuno kwathu misewu yambiri imadula madambo omwe anthu amadalira pa madimba, msipu wa ng'ombe ndi zitsime za m'chilimwe, ndipo lamulo la Environment Management Act la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa. Ntchito yomwe tapatsidwa m'kalasi ndi kulemba ndondomeko ya kalondolondo, ndipo mu yanga ndaika kuti dothi liyezedwe asanabzale kanthu, dambo loyerekezera lisankhidwe mathirakitala asanafike, komanso ndalama zoyendera malowo zisungidwe padera kuti kontrakitala akachoka pakhalebe wina wopita kukawerenga mapaipi aja.