Mmene tinapezera bambo chipinda chogona ku Zomba

Bambo anga analowa usilikali ku Cobbe Barracks mu 1966 ali mnyamata wa zaka 20. Mu 1987 anali m'gulu la asilikali a Malawi amene anatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala, nkhondo ya Renamo ndi Frelimo ili mkati. Za kumeneko sakonda kukamba. Koma tsiku lina chakumapeto kwa Seputembala tikudya chakudya chamadzulo, anangoika mbamu pansi n'kunena kuti, "Chaka chino ndikufuna ndikaime pachipilala cha ku Zomba. Anzanga akutha."

Mwambo wokumbukira asilikali amene anafera kunkhondo umachitika Lamlungu lachiwiri la Novembala. Kuno ku Lilongwe nawonso umachitika, pachipilala chachitali chija cha kufupi ndi Capital Hill, ndipo achimwene anayesa kuwauza kuti tingopita pamenepo poti m'pafupi. Bambo anakana. Ku Zomba n'kumene anaphunzira kuguba, n'kumene kuli chipilala cha njerwa zofiira cha asilikali a nthawi ya atsamunda a KAR (King's African Rifles), amene akuluakulu amawatchula kuti a Keyala, ndiponso n'kumene kuli nyumba zosungirako asilikali okalamba. Tinaona kuti nkhani yatha. Achimwene anatenga za galimoto ndi mafuta, ine ananditula za malo ogona anthu asanu ndi awiri: bambo, achimwene ndi akazi awo, ine ndi amuna anga, mwana wathu wamng'ono, ndi mnyamata wa achimwene wa zaka 19.

Masiku awiri oyamba ndinangokhalira kuona zithunzi za maloji pa Facebook, za kapinga wobiriwira ndi mabedi oyalidwa bwino. Zonse zinkaoneka zabwino, moti sindinadziwe posiyanitsa. Tsiku lachitatu ndinaika foni pambali, n'kutenga kope la mwana, n'kuyamba kulemba mmene bambo amakhalira kuyambira podzuka mpaka pogona. Bondo lawo lakumanja linauma, amayenda ndi ndodo, ndipo masitepe opitirira atatu amawakwera akupumira. Ali ndi matenda a shuga, amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo, ndiye chakudya sichiyenera kuchedwa. Usiku amadzuka katatu kapena kanayi kupita kuchimbudzi. Khutu lakumanzere silimva bwino, komabe chitseko chikamenyetsedwa usiku amadzidzimuka n'kukhala tsonga, ndipo tulo sabweranso mpaka kucha. Ichi chomalizachi anabwera nacho kuchokera ku Mozambique, mayi akadali moyo ankatiuza choncho. Pepala limeneli ndi limene ndinkaimbira nalo foni kulikonse.

Choyamba kusankha chinali chakuti tigone paphiri kapena m'tauni. Aliyense wopita ku Zomba amalakalaka kugona ku Chawe, pamwamba pa phiri, kumene kumazizira bwino ngakhale mu Novembala, ndipo ana anali atayamba kale kukamba za mastiroberi ogulitsidwa m'mbali mwa msewu. Koma msewu wokwera phirilo ndi wokhotakhota, ndipo ndinadzifunsa kuti shuga wa bambo atatsika pakati pa usiku, titsika mphindi zingati mumdima kapena m'nkhungu kuti tifike ku Zomba Central Hospital. Komanso Lamlungu m'mawa tinayenera kufika msanga pachipilala tisanasowe poimika galimoto. Tinagwirizana zogona m'tauni, kuphiri tikangokwera masana kukaona malo.

Ndinaimbira malo asanu ndi limodzi. Poyamba ndinkafunsa kuti, "Muli ndi chipinda choyenera munthu wachikulire?" ndipo onse ankati eya. Sankanama, kungoti funso langalo silinkawauza kanthu. Kenako ndinayamba kufunsa kuti chipindacho n'chapansi kapena chapamwamba, onse n'kumati chapansi chilipo. Apa m'pamene msuweni wanga wophunzitsa ku Zomba anandichenjeza. Tauni ya Zomba inamangidwa m'tsinde mwa phiri, makamaka mbali ya kumtunda kumene kuli nyumba zakale za boma za nthawi imene Zomba inali likulu, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Nyumba ikhoza kukhala yopanda nsanjika, koma kuchoka poimika galimoto kukafika pakhomo pake n'kukhala masitepe amiyala khumi ndi awiri otsetsereka, opanda pogwira. Kuyambira pamenepo ndinkafunsa zowerengeka. Kuchoka pamene galimoto ingaime kufika pabedi pali masitepe angati? Nanga kuchoka kuchipinda kupita kodyera? Wina akayankha kuti ndi ochepa, ndinkamupempha mwaulemu kuti, "Achimwene, chonde tapitani mukawerenge, ndiimbanso pakatha mphindi khumi." Malo awiri anagwa ndi funso limeneli lokha.

Kubafa n'kumene ndinataya nthawi yambiri, ndipo sindidandaula, chifukwa okalamba ambiri amagwera kumeneko. Chimbudzi chinayenera kukhala chokhalira, osati chonjuta, ndiponso cha m'chipinda momwemo, osati cha pakhonde chogwiritsa ntchito anthu onse. Malo ena a nyumba zakale ali ndi mabafa akuluakulu oyera aja olowamo thupi lonse, ndipo amawaonetsa monyadira pazithunzi. Kwa bambo bafa lotero ndi msampha, chifukwa kuti alowemo ayenera kukweza mwendo kufika m'bondo ataima ndi mwendo umodzi pa matailosi onyowa. Ndinkafuna shawa yolowa mongoyenda, yotakata moti mpando wapulasitiki n'kukwanamo.

Atatsala malo atatu ndinatumizira msuweni uja ndalama ya kabaza ndi ya bandulo, Loweruka lina n'kuyendera onse atandiimbira pa vidiyo ya WhatsApp. Ndinamupempha kuti ayambire pageti, aziyenda pang'onopang'ono foni italoza pansi. Pamalo oyamba ndinaona kachidutswa ka simenti kotukuka pakhomo la bafa, kotalika ngati zala zinayi, kamene masana sungakaone n'komwe koma usiku kangakugwetse. Anaima pambali pa bedi kuti ndione pamene matiresi akulekezera pa mwendo wake: bedi lotsika kwambiri bambo sangadzukepo okha, lalitali kwambiri mapazi safika pansi. Anatsegula mpopi wa madzi otentha n'kudikira mpaka atenthedi. Anatambasula neti kuti tione ngati ilibe mabowo, poti Novembala ndi mwezi wa udzudzu, mvula yoyamba ikangogwa. Anayatsa fani. Anandionetsa pamene pali switchi ya getsi, ngati munthu angaifikire ali pabedi. Zonsezi zinamutengera mphindi zosakwana makumi awiri pamalo alionse, ndipo zinandiuza zimene zithunzi zana sizikanandiuza.

Za phokoso ndinafunsa mosabisa. Maloji ambiri okhala ndi kapinga wabwino amachititsa maukwati Loweruka, ndipo ife timakagona Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu. Malo amene ndinawakonda kwambiri anandiuza zoona kuti Loweruka limenelo kunali madyerero a ukwati, zoimbira zidzalira mpaka usiku. Ndinawathokoza n'kuwasiya. Ndinafunsanso kumene kuli bala ndi kumene jenereta imakhala, chifukwa chipinda chikhoza kukhala chabwino chonse koma khoma lake n'kugundana ndi kanyumba ka jenereta, magetsi akazima pakati pa usiku n'kulilima mwadzidzidzi pafupi ndi mutu wa munthu.

Jeneretayo ndinkaifunabe, chifukwa cha insulini. Botolo losatsegula limafunika kukhala m'firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo siliyenera kuuma ngati ayezi chifukwa likauma latha ntchito. Ngakhale lotsegula kale silifuna kutentha kopitirira madigiri 30, pamene mu Novembala galimoto yodutsa ku Liwonde masana imakhala ngati ng'anjo. M'chipinda chimene tinkachiganizira munalibe firiji. Ndinalankhula ndi mayi woyang'anira kukhitchini, n'kugwirizana kuti tidzawapatsa kabokosi kolembedwa dzina la bambo, adzakaike pashelefu yapakati, osati m'chipinda cha ayezi. Funso lina linali lakuti khitchini ikakiyidwa usiku kiyi amasunga ndani. Anati mlonda. Ndinatenga nambala ya mlondayo.

Mayi omwewo ndi amene anandithandiza za chakudya. Chakudya cham'mawa amayamba 7 koloko, koma bambo amadzibaya 6 koloko n'kudya pasanapite nthawi. Anavomera kuti phala la mgaiwa lopanda shuga ndi dzira lowiritsa zidzakhala zitapsa 6 koloko. Anavomeranso nsima ya mgaiwa ndi ndiwo zamasamba zosachuluka mafuta madzulo, bola ufa tibwere nawo tokha. Munthu amene anayankha mafunso onsewa osatopa nane anandipatsa mtima woti malowo ndi abwino kuposa mmene kapinga wake akanandipatsira.

Panali nkhani ina imene sinali ya loji koma ya pabanja pathu: agone ndi ndani? Sakanagona okha kumalo achilendo. Ine mwana wamkazi sindingawathandize kubafa kapena kuwaveka, ndipo iwo sangalole. Achimwene anadzipereka, bambo n'kukana nkhope itagwa: "Ine si wodwala woti mwana wanga asiye mkazi wake kudzandilonda." Tinakhala masiku awiri osaitchulanso. Kenako mlamu wanga anati tiyese mdzukulu. Agogo ndi mdzukulu alibe manyazi amene ali pakati pa bambo ndi mwana, amasereulana, amatumana momasuka. Mnyamatayo anapita yekha kukawauza kuti, "Agogo, ine ndikufuna ndikagone kwanu, muzikandiuza za ku Cobbe." Anavomera pomwepo. Ndiye chipinda chinayenera kukhala cha mabedi awiri, china cha achimwene n'kukhala choyandikana nacho.

Atatsala malo awiri ndinapita nawo mavidiyo aja kwa bambo. Ndinali nditatsala pang'ono kusankha ndekha, koma ndinaona kuti ulendowu ndi wawo, ndipo munthu amene anatsogolerapo anzake m'tchire sayenera kungonyamulidwa ngati katundu. Anavala magalasi n'kuonera vidiyo iliyonse kawiri. Za shawa ndi masitepe sanafunse n'komwe. Anafunsa ngati ali pabedi angathe kuona chitseko, ngati zenera likuyang'ana kumsewu kapena kumpanda, ndiponso ngati mlonda amagona pageti kapena amazungulira. Pamalo amodzi bedi linafulatira khomo. Anati, "Apa ayi." Ndinawauza kuti bedi tikhoza kupempha alitembenuze, koma anali atasankha kale enawo. Funso lawo lomaliza linali la simbi, ngati ilipo yoti asitire jekete ndi thalauza Loweruka madzulo.

Pa zolipira ndinachita mosamala. Ndinafunsa mtengo wa chipinda chilichonse pa usiku, msonkho wa VAT ndi tourism levy zili momwemo, kuti tisakakangane potuluka. Nambala ya Airtel Money yotumizira dipoziti sindinaitenge pa Facebook. Msuweni anaitenga yekha polandirira alendo, ndipo nditatumiza anapita kukatenga lisiti. Kenako ndinalembera manijala uthenga umodzi pa WhatsApp wokhala ndi zonse: masiku, nambala ya chipinda cha bambo, mabedi awiri, mpando wapulasitiki m'shawa, phala la 6 koloko, malo m'firiji. Ndinamupempha ayankhe molemba kuti wavomera, ndipo anatero. Lachitatu la sabata ya ulendo ndinaimbanso kukumbutsa.

Tinanyamuka Lachisanu 6 koloko m'mawa kuti tidutse ku Liwonde dzuwa lisanafike paliwombo. Ulendo wa makilomita pafupifupi 290 tinauyenda maola asanu ndi limodzi chifukwa tinkaima kuti bambo awongole bondo: ku Dedza titadutsa pa Kalinyeke, ku Ntcheu, ndi ku Liwonde titawoloka Shire. Insulini inali m'kabokosi kozizira pamiyendo panga, botolo litakulungidwa m'kansalu kuti lisakhudze ayezi.

Titafika, mtsikana amene anali polandirira alendo anatipatsa kiyi wa chipinda china cha kuseri, chotsikira masitepe asanu ndi atatu. Anati chija tinagwirizana mwalowa mlendo wina dzulo lake. Mtima unandipweteka, koma sindinakweze mawu chifukwa bambo anali ataima kumbuyo kwanga atatsamira ndodo. Ndinawapezera mpando, n'kumuonetsa mtsikanayo uthenga uja ndi yankho la manijala. Anamuimbira. Manijala anabwera yekha, anapepesa kwa bambo atagwira m'manja, n'kukalankhula ndi mlendo uja, amene atamva kuti ndi za msilikali wokalamba anasamuka mosavuta. Tinadikira ola lathunthu akukonza m'chipindamo. Uthenga uja ukanakhala wa pakamwa pokha, sindikhulupirira kuti zikanatha choncho.

Usiku woyamba magetsi anazima cha m'ma 11, jenereta inalira kutali kuseri kwa khitchini, ndipo mdzukulu anatiuza m'mawa kuti agogo anangotembenuka n'kupitiriza tulo. Tochi imene tinaika pampando pafupi ndi bedi anaigwiritsa ntchito katatu. Loweruka tinakwera phiri, ana n'kudya mastiroberi awo. Madzulo bambo anakana kuti wina awasitire. Anayala bulangete patebulo n'kusita okha thalauza mpaka mzere unaima, kenako anakhala pabedi akupukuta mamendulo ndi kansalu, mdzukulu atagwira tochi.

Lamlungu phala linafika 6 koloko isanakwane. Kuchoka pageti la loji kufika pachipilala tinayenda mphindi zosakwana khumi, ndipo tinapeza mpando pamthunzi pafupi ndi okalamba anzawo, awiri mwa iwo anawazindikira asanakhale n'komwe pansi. Itakwana 11 koloko lipenga linalira. Bambo anapatsira mdzukulu ndodo, n'kuimirira okha kwa mphindi ziwiri zonse zimene anthu amakhala chete pokumbukira asilikali amene anafa.