Chikombole cha agogo

Dzulo ndikusesa m'nyumba kuno ku Chilenje ndinapeza chikombole cha malemu agogo aamuna, chomwe ankaumbira zipolopolo za gogodela yawo kumudzi ku Chipata. Ankatola mtovu wa mapaipi akale, wofewa woti n'kuukanda ndi chikhadabo, n'kuusungunula pambaula. Mtovu sulira moto waukulu, madigiri 327 basi wasanduka madzi. Iwo ankati wofewawo ndiye umalowa bwino mumpope wa mfuti. Ine ndinkangokhala pambali pawo, kumapuma utsi wonsewo, osadziwa kanthu. Lero ndikamva za ana odwala chifukwa cha mtovu ku Kabwe, komwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma mtovu udakali m'dothi, thupi limandichita tsemwe. Chikombolecho ndachiika pashelefu, poti ana asafikepo. Mfutiyo amalume anakaipereka kupolisi kalekale.