Tsiku limene chipale chinagwa ku Area 25

Zonsezi anaziyambitsa ndi alamu anga a ku Joni. Pa 10 July 2023 ku Johannesburg kunagwa chipale chofewa, iwo n'kutumiza vidiyo pa gulu la WhatsApp la banja lathu, akuvina pabwalo, tinthu toyera ngati ufa tikuwagwera pamapewa. Aliyense anawayamikira ngati chipalecho achigwetsa ndi iwowo. Achemwali anga okha, omwe ndi namwino ku Glasgow, ndi amene anakana kuwomba nawo m'manja. "Mukusangalalira chiyani? Kuno chinthu chimenechi timachitukwana. Mu December dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo msewu umaterera mpaka amauthira mchere."

Mchere mumsewu! Ine amene ndimagula wa kapaketi paokala, ndinangogwira pakamwa. Komabe nsanje inandigwira. Kuzizira kwathu kwa June n'kongotipanikiza pa mbaula, milomo itang'ambika, popanda choti n'kujambula.

Loweruka lotsatira ndinapita pakaunjika ku Tsoka n'kugula chijasi chofika m'mawondo, cha ubweya kuchipewa. Mayi a kunyumba anachiyang'ana n'kufunsa kuti, "Abambo, kodi tikusamuka?" Ndinawayankha kuti nyengo ikusintha, munthu azikhala wokonzeka.

Chinakhala m'sutikesi mpaka November, mwezi umene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Tsiku lina masana kumwamba kunada bii, pamalata n'kuyamba kulira ngati ana akugendapo. Nditasuzumira pawindo, bwalo lonse linali mbee. Mtima unati phaa, nthawi yanga yakwana.

Ndinavala chijasi chija, m'manja masokosi popeza magolovesi ndinalibe, n'kutuluka foni ili m'mwamba. "Abale ndi alongo, moni kuchokera ku Lilongwe, kumene chipale..." Apa ndinavula chipewa kuti anthu andizindikire bwino. Ndinaiwala kuti ndili ndi dazi. Loyamba linatera pakati penipeni, gwa! Lachiwiri pakhutu. Pothawa, patapata anaterera, ine chagada m'matope pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, foni ikujambulabe miyendo yanga ndi thambo.

Ana a aneba, amene ankatola timiyalato n'kumabwira, anasiya kudya n'kuyamba kuitana amawo. Mmene ndinkadzuka, dzuwa linali litatulukanso, zoyera zonse zasungunuka. Panatsala bambo wamkulu, wa ana atatu, ali chiimire m'chijasi cha ubweya mu November, thukuta kamukamu, mitumbira iwiri pamutu.

Vidiyoyo sindinatumize ine. Anatumiza ndi mwana wanga wamkulu, amene mpaka lero akuti dzanja linangoterera.

Achemwali anayankha msanga: "Achimwene, amenewo ndi matalala. Chipale chimagwa mwakachetechete, sichiboola masamba a chimanga." Alamu anatumiza tinkhope toseka mzere wathunthu. Koma amene anandimaliza ndi amayi ku Mitundu. Atawaonetsa vidiyo ija sanaseke n'komwe. Anaimbira mpongozi wawo n'kunena kuti munthu wovala chonchi kukutentha ndiye kuti malungo akwera kumutu, ndipo m'mawa mwake anafika pa minibasi, atanyamula masamba a bulugamu oti andifukize.

Anandifukizadi, m'bulangete, masiku awiri.