Injini inayamba kuwira nditangosintha madzi a mu rediyeta

Lero ndi tsiku lachisanu galimoto ikuyenda kamuvi ka geji yoonetsa kutentha kwa injini kali phee pakati, ndiye mtima wakhala m'malo moti ndingathe kufotokoza zomwe zinandigwera. Koma ndikakumbukira Lolemba lomwe ndinataya pa galaja, mtima umandiwawabe.

Ntchito yake inali yaing'ono. Madzi a mu rediyeta anali atafiira ndi dzimbiri, paipi yapamwamba itafufuma ngati iphulika, ndiye Loweruka m'mawa ndinakhetsa madzi akale onse, kusintha paipiyo, n'kuikiratu thermostat yatsopano (kachitseko kamene kamatseguka injini ikafunda kuti madzi azidutsa mu rediyeta) poti ndinali nditamasula kale. Ndinathira kulanti (mankhwala oziziritsira injini) wosakaniza ndi madzi theka ndi theka mpaka kukamwa kwa rediyeta, kutseka, kuliza injini mphindi zitatu, kusuzumira pansi ngati pakudontha, basi n'kukasamba m'manja. Zonse zinalakwika pa mphindi zitatu zimenezo.

Madzulo ake ndisanayende ndi makilomita 6 omwe, kamuvi kanayamba kulumphalumpha. Kamakwera kufika pafupi ndi pofiira, kenaka n'kugwa mwadzidzidzi, n'kukweranso. Ndinaima pambali n'kuzimitsa. Pansi pa boneti pamamveka kubwata, ndipo kabotolo ka madzi osefukira kanali kakulavula. Zikakuchitikirani, chonde musakhudze chivindikiro cha rediyeta. Changa chalembedwa 1.1 bar pamwamba, ndipo kupanikiza kumeneko ndi kumene kumachititsa kuti madzi asawire pa madigiri 100 koma apirire mpaka kupitirira 120. Mukangochipotokola, madzi onse amawira kamodzin'kamodzi n'kukukhavukirani kumaso ndi m'manja. Ndinakhala m'mphepete mwa msewu pafupifupi ola lathunthu kudikira kuti izizire. Kuthira madzi ozizira mu injini yotentha nakonso ayi, mutu wa injini wa aluminiyamu suchedwa kupindika.

Lamulungu ndinaganiza kuti thermostat yatsopanoyo ndi yakufa. Ndinaimasulanso, kuiponya m'poto wa madzi pamoto pamodzi ndi choyezera kutentha. Pathupi pake padindidwa 82, kutanthauza madigiri amene imatsegukira, ndipo madzi atangodutsa pamenepo ndinaiona ikukanuka bwinobwino. Inalibe mlandu. Sipuling'i yake ndinali nditailozetsa mkati mwa injini monga mmene iyenera kukhalira. Koma pali kachitsulo kakang'ono kolendewera m'kabowo m'mphepete mwake, kamene kamagwedera mukaigwedeza. Kameneko kayenera kukhala pamwamba penipeni, chifukwa ndipo podutsira mpweya pamene mukuthira madzi. Ine ndinali nditakayang'anitsa pansi. Ndinakonza, koma pothiranso madzi ndinachita chimodzimodzi ngati dzulo lake: kudzaza, kutseka, kunyamuka. Inawiranso.

Ndaiwala kunena za fani. Yang'anani imeneyo musanamasule bawuti iliyonse, chifukwa pogwira ntchito m'menemo n'kosavuta kuzula pulagi ya fani n'kuiwala kuibwezera. Pa galimoto zambiri mukayatsa AC fani imazungulira nthawi yomweyo. Yanga inazungulira, fyuzi inali yabwino, lamba wa pampu ya madzi anali wokungika. Apa m'pamene nzeru zinandithera, ndipo ndinalipira galimoto yokoka kuti ikaisiye ku galaja Lolemba.

Ndinafika 7 koloko m'mawa. Anandiuza kuti ndikhale pa benchi, makaniko wamkulu abwera posachedwa. Ndinakhala pamenepo dzuwa likukwera, galimoto zomwe zinandipeza zikulowa n'kutuluka. Cha m'ma 2 koloko masana ndi pamene anabwera, chiguduli chili m'manja. Anatsegula boneti, kuyang'ana, osagwira paipi ngakhale imodzi, osaliza n'komwe injini.

"Bwana, gasiketi yapsa iyi. Titsitse mutu wa injini, ukapalidwe."

"Achimwene, mwaiyeza?"

"Izi timaziona tsiku ndi tsiku, bwana. Mukaikonza nokha kunyumba mathero ake ndi amenewa."

Gasiketi imene amanenayo ndi chomatira cha pakati pa mutu ndi thupi la injini, chotchinga kuti madzi, oyilo ndi utsi zisasakanikirane. Ndinamuonetsa kachitsulo koyezera oyilo: oyilo anali woyera bwino, wopanda chithovu chija chooneka ngati tiyi wamkaka. Pansi pa chivindikiro cha oyilo panali pouma. Ku ekizozi sikumatuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera. Zizindikiro zikuluzikulu za gasiketi yakupsa panalibe. Ndinapempha kuti ayeze ndi mankhwala abuluu aja amene amaikidwa pakamwa pa rediyeta, omwe amasanduka achikasu ngati utsi wa mu injini ukulowa m'madzi. Akuti amene amasunga botolo lake watuluka, ndidikire. Ndinadikiranso mpaka 5 koloko, munthuyo osaoneka. Mnyamata wina wa pomwepo anandikokera pambali n'kundilangiza kuti ndingochotseratu thermostat, galimoto iziyenda yopanda. Musamvere zimenezo. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri, imaperepeseka msanga, ndipo vuto lenileni limakhala lingobisala. Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti potuluka anandilipiritsa ndalama "yoyang'anira", chonsecho sipanala sinakhudze galimoto yanga. Tsiku lantchito lathunthu, ndalama yokokera kupita ndi kubwerera, kuonjezapo imeneyo. Ndikanavomera, bwenzi injini yabwinobwino ataiphwasula popanda chifukwa.

Usiku umenewo ndinaimbira alamu anga, omwe ayendetsa magalimoto akuluakulu zaka zambiri. Anamvetsera osandidula, kenaka anafunsa funso limodzi: "Alamu, pamene ikuwirapo, hita ikutulutsa mpweya wotentha kapena wozizira?" Ndinakumbukira kuti Loweruka lija ndinayatsa hita pofuna kuthandiza kutsitsa kutentha, ndipo inkapemerera mphepo yozizira kamuvi kali pofiira. Iwo anati ndiye mpweya umenewo, watsekeredwa mkati. Hita imafunda ndi madzi omwewo a mu injini, ndiye ikamazizira injini ikupsa ndiye kuti madzi sakufikako. Pampu ya madzi siikankha mpweya, imangopalasa pachabe. Kulumphalumpha kwa kamuvi nako n'chifukwa chakuti kachipangizo koyeza kutentha kamakhala mwina m'madzi, mwina mu nthunzi.

Tulutsani mpweya. Musanagule chilichonse, musanapite kwa aliyense, tulutsani mpweya.

Lachiwiri m'mamawa injini ili yozizira, ndinaimika galimoto pachitunda mphuno italoza kumtunda, kuti kukamwa kwa rediyeta kukhale pamwamba pa china chilichonse. Ndinatsegula chivindikiro, kulowetsa fanelo yothina bwino, n'kuthiramo kulanti mpaka theka la faneloyo. Hita ndinaiika potentha kwambiri. Magalimoto ena ali ndi kabawuti kotulutsira mpweya pafupi ndi thermostat kapena pa paipi ya hita. Ngati kalipo kamasuleni pang'ono mpaka patuluke madzi okhaokha. Yanga ilibe. Ndinaliza injini n'kumafinya mapaipi ndi dzanja, kusamala zala ndi fani chifukwa imadzuka yokha osachenjeza.

Kwa mphindi khumi zoyambirira kunkangotuluka timathovu ting'onoting'ono, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amatsekera n'kumati zatha. Dikirani. Pa injini yanga thermostat ili kumene paipi yapansi imalowera, ndipo paipiyo inali yozizirabe. Cha pa mphindi 15 ndinaimva ikufunda m'dzanja langa, kenaka fanelo inati gubudu gubudu, chithovu chachikulu ngati chibakera chinatuluka, madzi onse a m'fanelo n'kumezedwa nthawi imodzi. Ndinathira, anamezedwanso. Pamodzi ndinaonjezera pafupifupi lita imodzi ndi theka, m'galimoto yomwe kawiri konse ndinkaiyesa yodzadza. Ndinaponda mafuta pang'ono kufika cha pa 2,500 pa geji ya kuzungulira kwa injini kangapo, timathovu tina n'kutuluka, mpaka madzi anadekha. Hita inayamba kuotcha. Ndinaisiya ikulira mpaka fani itadzuka n'kuzima kawiri.

Kudekha kwa madziko ndi kumene kunandichotsa mantha a gasiketi. Ikakhala kuti yapsadi, thovu silitha ngakhale mudikire ola, ndipo limachuluka mukaponda mafuta. Langa linatheratu.

Ndinatseka chivindikiro, kudzaza kabotolo kapambali kufika pakati pa mizere iwiri ija, n'kuyenda makilomita 20 kuphatikizapo chitunda chachitali. Kamuvi sikanasunthe. M'mawa mwake injini itazizira madzi anali atatsika pang'ono, ndinaonjezera ngati kapu imodzi, ndipo kuyambira pamenepo sanatsikenso. Poti injiniyi inatentha kawiri konse mpaka pafupi ndi pofiira, ndikuyang'anabe oyilo ndi madzi m'mawa uliwonse ndisanalize, ndipo ndichita choncho mwezi wonse uno.