Zikomo kwa onse amene munatidzutsira makompyuta ku Chibavi

Ife a komiti ya chipinda chophunzitsira achinyamata kompyuta kuno ku Chibavi tikuthokoza nonse amene munatithangata makina athu atakana kuyaka pamene tinkawachotsa pa Windows 10 kuwaika pa Windows 11. Sitikanachitira mwina, poti Microsoft inatseka chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Tiyambe ndi inu achimwene athu awiri, amisiri a ku Katoto. Ambiri ankatiuza kuti tingofomata zonse, koma inu munakana, munati kumeneko n'kutentha nkhokwe chifukwa cha khoswe. Musanakhudze kanthu munayatsa kompyuta iliyonse ndi fulashi ya Linux Mint, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, n'kukopera mafayilo a ophunzira pa hadi diski yapadera. Kenako munayamba kuwerenga nambala ya vuto pa sikirini iliyonse, ndipo zinapezeka kuti matenda sanali amodzi. Tikulemba pano zomwe munachita kuti masukulu ndi maofesi ena a mu Mzuzu apepukidwe.

Makina omwe magetsi anazima ntchito ili mkati ankangoyaka n'kuzima okha. Mankhwala ake: yatsani, chizindikiro cha Windows chikangooneka dinani batani loyatsira osalisiya mpaka izime. Mukatero kawiri kapena katatu motsatizana, imatsegula Automatic Repair. Pitani pa Advanced options, Troubleshoot, Advanced options, Uninstall Updates, n'kusankha Uninstall latest feature update. Windows yakale imabwerera kuchokera mu foda ya Windows.old. Mwayi wobwerera umakhala wa masiku 10 okha, ndipo amene wafufuta fodayi pofuna malo wadzitsekera yekha khomo.

Nambala yomwe inavuta kwambiri ndi 0xC1900101. Kawirikawiri imaloza ku madiraiva, timapulogalamu tothandiza Windows kugwira ntchito ndi zida monga pulinta. Zulani pulinta, mafulashi ndi china chilichonse cholumikizidwa, patsale kiyibodi ndi mausi. Chotsani antivayirasi yochita kuikamo, ya Windows yomweyo ikukwanira panthawiyi. Ikakanabe, tsegulani fayilo ya setuperr.log mu C:\$WINDOWS.~BT\Sources\Panther, kapena yendetsani SetupDiag, yomwe imawerenga zolembedwazo n'kutchula cholepheretsa. Kwa ife chinali diraiva yakale ya pulinta. Musanayesenso, tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, ikatha lembani sfc /scannow. Ya 0x80070070 ndi yosavuta, imangonena kuti diski yadzaza. Ife tinapeza mafilimu ndi nyimbo za ophunzira zitathithikana mu Downloads.

Panalinso makina ena omwe ankangonena kuti sangathe kuyendetsa Windows 11 pomwe mphamvu ali nazo. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, diski ya 64 GB, UEFI yotha Secure Boot, ndi TPM 2.0. Nthawi zambiri TPM, kachipangizo ka chitetezo, imakhalamo koma yozimitsidwa mu BIOS, pomwe pamasinthidwira za makina Windows isanayake, ndipo dzina lake limasokoneza: pa Intel fufuzani PTT, pa AMD fufuzani fTPM. Ngati diski ili pa MBR, kagawidwe kakale ka diski, iyenera kusinthidwa kukhala GPT, kagawidwe katsopano. Mu Command Prompt lembani mbr2gpt /validate /allowFullOS, ikavomera lembani mbr2gpt /convert /allowFullOS, ndipo pokhapo mulowe mu BIOS kusintha Legacy kukhala UEFI. Mukayamba ndi BIOS, kompyuta imakuuzani kuti siikuona poyambira, mtima n'kupita m'mwamba pachabe. Chida cha mbr2gpt chimakana diski yogawidwa zigawo zazikulu zoposa zitatu. Ngati BitLocker, loko ya Windows yokhoma diski, ndi yoyatsidwa, iimitseni kaye ndipo kiyi yake ya manambala 48 muilembe papepala, chifukwa mukasintha za TPM kapena BIOS ikhoza kuifunsa, ndipo palibe mmisiri mu Mzuzu muno angatsegule diski imeneyo popanda kiyiyo.

Kamodzi kakang'ono komwe tonse sitinakaganizire ndi kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa bodi. Kakatha, BIOS imaiwala zonse mwasintha magetsi akangozima, tsiku n'kubwerera m'mbuyo zaka. Kasintheni poyamba.

Amayi a golosale yoyandikana nafe, zikomo chifukwa chotibwereka inveta ndi batire. Ntchito yoika Windows 11 siyenera kudukizidwa, ndipo tikulangiza kuti pa kompyuta ya padesiki musaiyambe opanda chosungira magetsi. Abambo amene munatigulira bandulo, ndalama zanu sizinamwazike: fayilo yoikira Windows 11, yotchedwa ISO, imaposa 5 GB, ndiye tinaikoka kamodzi n'kuika pa fulashi ya 8 GB. Apa pali msampha. Kuti mafayilo ndi mapulogalamu asatayike, tsegulani setup.exe muli mkati mwa Windows 10. Mukayatsira kompyuta pa fulashiyo ndiye kuti mukuika Windows yatsopano kuyambira pachiyambi. Ana athu ophunzira za makompyuta ku Luwinga amene munabwera kudzadikirira masikirini mpaka madzulo kuzizira konse kuja, Mulungu akudalitseni.

Makompyuta okhala ndi purosesa ya Intel yakale kuposa m'badwo wa 8 sitinawakakamize. Njira zozembera zilipo pa intaneti, koma Microsoft silonjeza kuti makina otero azilandira zosintha zonse, ndipo ife sitikufuna ophunzira azikhalira pa chinthu chosadalirika. Amenewo tawaika Linux Mint ndi LibreOffice, ndipo akukwanira pa maphunziro otaipa. Makalasi ayambiranso Lolemba nthawi ya kale ija. Amene munali ndi mafayilo pa makina akalewo mubwere ndi fulashi.