Chipinda Chimene Chinandiulula kwa Apongozi

Alamu anga, ang'ono awo a akazi anga, anaphunzira zaluso kwa zaka zingapo, ndipo pabanja tonse tinkayembekezera kuti tsiku lina adzatijambulira chithunzi chokongola choti tipachike pakhoma. M'malo mwake anatitumizira kalata yotiitanira ku chionetsero chawo choyamba, ndipo m'kalatamo anachenjezeratu kuti kumeneko kulibe chithunzi kapena chosema chilichonse, koma mawu ndi phokoso basi. Popeza ndine munthu wodana ndi kuoneka mbuli pagulu, usiku woti mawa lake tipita ndinachezera pa intaneti mpaka maso kufiira, kuti ndikafike kumeneko ndili ndi chonena.

Tili m'njira ndinayamba kuphunzitsa akazi anga, ngakhale kuti iwo sanapemphe phunziro. Ndinawauza kuti kale mu 1913 Luigi Russolo wa ku Italy anali atalemba kuti kulira kwa makina ndi phokoso la m'mizinda n'zoyenera kulowa m'luso, ndiponso kuti anapanga mabokosi amene ankalira munthu akapukusa chogwirira chake. Ndinawafotokozeranso za John Cage, wopeka nyimbo wa ku America, amene mu 1952 anakhazika David Tudor pa piyano kwa mphindi 4 ndi masekondi 33 osaimba kanthu, kuti anthu amene anasonkhana ku Woodstock, m'chigawo cha New York, amvetsere mphepo, mvula ndi kung'ung'udza kwawo komwe. Akazi anga anangofunsa ngati munthu angadyere zimenezi. Ndinawayankha monyadira kuti mu 2010 Susan Philipsz analandira mphoto ya Turner ku Britain, ya mapaundi 25,000, ndipo ntchito imene inamutchukitsa inali mawu ake omwe, akumveka pa masipika pansi pa milatho itatu ya mu mzinda wa Glasgow. Apa anakhala chete, ndipo ine ndinaganiza kuti agoma nane.

Titangolowa m'nyumba ya chionetseroyo, ndinamva kulira kwapansipansi kochokera pa kabowo kotchinga ndi waya pakhoma la m'njira yopita kuzipinda. Panalibe chikwangwani, koma zimenezo zinangondilimbitsa mtima, chifukwa ndinali nditawerenga kuti mu 1977 Max Neuhaus anabisa phokoso lake pansi pa zitsulo za m'msewu ku Times Square, pakati pa mzinda wa New York, popanda chizindikiro chilichonse, kuti wodutsa alitulukire yekha. Ndinaima, ndinatsinzina, ndinapendeketsa mutu, ndipo posakhalitsa alendo ena awiri anaima pambali panga n'kutsinzinanso. Ndinali pakati powafotokozera kuti kunjenjemera kwa mawuwo kukuimira kutopa kwa munthu wamakono pamene bambo wina wovala ovolosi anatulukira atanyamula makwerero, nati: "Pepani bwana, tapatukani pang'ono, fani imeneyi yakhala ikuvuta kuyambira m'mawa."

Manyazi anandigwira mpaka kuzidendene, ndipo ndinasiya akazi anga akuseka n'kukabisala m'chipinda chakumapeto, chimene ndinaona kuti mulibe munthu. Pakhomo pake panali pepala lolembedwa zambiri, koma munthu wothawa sawerenga. M'katimo munali benchi limodzi, makoma oyera, ndi tizinthu takuda tolendewera kudenga, timene ndinatitenga ngati mababu othima. Batalo linanditonthoza, choncho ndinatulutsa foni n'kuimbira mnzanga wa kuntchito kuti ndimukhuthulire zakukhosi. "Achimwene," ndinatero, ndi mawu a munthu wotsimikiza kuti ali yekha, "ndili kuno kwa alamu anga aja. Kulibe chilichonse, n'zachabechabe zokhazokha. Sukulu yonse ija, ndalama zonse zija apongozi anataya, kuti munthu azidzalumikiza mawaya!"

Nditadula foni panadutsa kanthawi, kenako m'ngodya zonse zinayi za chipindacho munatuluka mawu anga, athunthu ndi omveka bwino kuposa mmene ndinawamvera pa moyo wanga wonse. Ndinathamangira pakhomo kukawerenga pepala lija. Linkafotokoza kuti mamaikolofoni a kudenga amajambula chilichonse chimene mlendo wanena, masipika amachibwezera m'chipindamo, mamaikolofoni amachijambulanso, ndipo zimapitirira choncho mobwerezabwereza, potsatira njira imene Alvin Lucier wa ku America anayambitsa mu 1969. Chipinda chilichonse, malinga ndi kukula ndi kamangidwe kake, chili ndi mamvekedwe amene chimawakuza ndi ena amene chimawameza, monga mmene botolo limaliririra mwanjira yake munthu akauzira pakamwa pake. Ulendo uliwonse umene mawu abwerezedwa, mamvekedwe okondedwa ndi chipindacho amakula ndipo enawo amazilala, mpaka chinenero chonse chimasungunuka n'kutsala kulira kosalala kopanda tanthauzo.

Nkhani ya kusungunukayi inandipatsa chiyembekezo, mpaka pamene ndinakumbukira kuti ntchito ya Lucier yodziwika kwambiri imatenga mphindi pafupifupi 45. Kunja kunkamveka anthu akuomba m'manja, kusonyeza kuti zolankhula zotsegulira chionetsero zinali kutha ndipo gulu lonse linali pafupi kuyendera zipinda.

Nzeru yoyamba imene inandibwerera inali yokwirira mawu oipawo ndi mawu abwino. Ndinaima pansi pa maikolofoni imodzi n'kunena mokweza kuti alamu anga ndi katswiri weniweni. Makinawo, amene sadziwa kukondera, anatenga chiyamikirocho n'kuchisanjika pamwamba pa misecheyo, ndipo chipinda chinayamba kulengeza mwaulemu kuti alamu anga ndi katswiri weniweni wa zachabechabe zokhazokha. Ndinayesa kutsokomola, ndinayesa kugwedeza benchi, ndinayesa ngakhale kuimba, ndipo zonsezo zinabwerera kwa ine motsatizana, miseche ili patsogolo ngati mtsogoleri wa kwaya. Potsiriza ndinaona waya wakuda wotsata khoma, ndinagwada n'kuuzula. Magetsi a m'chipindamo anathima, koma masipika, amene ayenera kuti ankadyera pa waya wina, anapitiriza ntchito yawo mokhulupirika, ndipo mumdimamo mawu anga anamveka aulemerero kuposa poyamba.

Umu ndi mmene gulu linandipezera: ndili chogwada, waya uli m'manja. Alamu anga anabwezeretsa wayayo mwakachetechete, kuwala kunabwerera, ndipo onse anaima kumvetsera. Ndinene chilungamo, njira ya Lucier inali itayamba kugwira ntchito, pakuti m'mphepete mwa mawuwo munali mutayamba kulira kokoma ngati kwa belu lakutali, moti ndikanakhala kuti ndikumvetsera miseche ya munthu wina ndikanasangalala nayo kwambiri. Koma chipindacho chinali chitasankha kukuza mawu anga a besi, ndipo chiganizo chonena za ndalama za apongozi chinali chidakali chilili, osasungunuka ngakhale pang'ono. Alendo awiri aja amene tinamvetsera nawo fani anali m'gululo, ndipo mmodzi wa iwo anatsinzina n'kupendeketsa mutu, sindikukayika kuti mwadala.

Alamu anga anamvetsera mpaka ulendo wina unatha, kenako anatembenukira kwa ine nkhope ili gwa. "Alamu," anatero, "pamene tinkayeserera, aliyense wolowa muno ankangonong'ona kuti moni, moni, ndipo makinawa ankasowa chogwira. Inu nokha ndi amene mwalankhula kuchokera pansi pa mtima. Kodi mungandilole kuti mawu amenewa ndiwasunge, azitsegulira chipinda chino m'mawa uliwonse mpaka chionetsero chidzathe?" Ndisanatsegule pakamwa, akazi anga anayankha m'malo mwanga kuti bambo avomera ndi mtima wonse, ndipo anawonjezera kuti dzina lawo lilembedwe pakhoma, popeza amakonda kuti luso lizidziwika mwini wake.

Apongozi anga aakazi, amene makutu awo anayamba kuvuta zaka zapitazo, anali atakhala pa benchi nthawi yonseyi, akumwetulira. Anakodola mwana wawo n'kufunsa kuti: "Kodi amenewa si mawu a akamwini anga? Ndamva ngati akutchula ine. Takwezako pang'ono, mwanawe, ndimve bwino zimene akunena."

Alamu anga, amene sanakanepo pempho la mayi awo, anakweza.