Mdzukulu wanga watola njere ya mpunga

Lero m'mawa, kuno ku Nkhotakota, mdzukulu wanga wa miyezi 9 watola njere ya mpunga pamphasa ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala, ndipo mtima wanga wadzaza ndi chimwemwe. Atangobadwa ankafumbata chala changa mwamphamvu ndikamukhudza pachikhatho, koma kumeneko sikunali kufuna kwake, chifukwa makanda amabadwa akufumbata motero, ndipo zimenezi zimatha pofika miyezi 5 kapena 6. Atakwanitsa miyezi 4 anayamba kutambasula dzanja kuti agwire chitenje cha amayi ake, ndipo patapita miyezi ina ankalandizana chipande m'manja mwake, pakuti ubongo umayamba kulamulira phewa ndi mkono, zala n'kudzatsatira pambuyo.

Komabe ndili ndi nkhawa, chifukwa chilichonse chimene mwana wamsinkhu uwu watola amachiponya m'kamwa. Ndikupempha makolo anzanga kuti tisamasiye mtedza, mikanda kapena ndalama zachitsulo pafupi ndi ana oterewa, popeza zingathe kuwatsamwa. Ine ndayamba kusesa pakhonde kawiri patsiku, ndipo mtedza tikuwuyanika kutali ndi pamene iye amakwawa.